Wotchi ya abambo yapezeka m'munda wa mtedza

Moni nonse ana anga.

Andiuza ndi alamu anga a Nabanda m'mawawu kuti kumunda kwathu ku Nachisaka kwabwera anthu a boma oyeza dothi. Ali ndi kabokosi kolira ngati nkhululu kakamva poizoni wosaoneka. Pachulu paja kalira osaleka.

Atakumba apeza wotchi ija abambo anga anapatsidwa ndi mzungu wa fodya nthawi ya Chitaganya. Inkawala mumdima, ndiye amayi anati ndi yaufiti, tinaikwirira tikuimba nyimbo ya Mariya.

Akuti choipa ndi utoto wowalawo. Achotsa dothi ndowa imodzi yokha, mtedza tidya, Mulungu ngwabwino.

Koma wotchiyo achimwene anga aiponya m'thumba, akuti, "Chuma chamasiye sichipita kuboma."

Tiwatani? Mutikumbukire m'mapemphero, makamaka achimwenewo, poti tsopano kabokosi kakulira iwo akamadutsa.