Chaka Chimene Anandibwereka Dzina

Rula ija ndikadali nayo. Ndi yathabwa, yachikasu, manambala ake anafufutika kalekale, ndipo kumbuyo kwake kuli malo opalidwa, olowa pang'ono, amene chala chimakwanamo bwinobwino. Adzukulu anga akaitenga kuti ajambulire mizere ndimawalanda, iwo n'kumadandaula kuti agogo ndi aumbombo. Anene zimenezo, koma rulayo sakhudza.

Bambo anabwera nayo kuchokera kumigodi ya ku Zambia kumene ankagwira ntchito. Atatsala pang'ono kubwerera kumigodiko, anawotcha msomali pamoto n'kulemba kumbuyo kwake dzina langa ndi la banja lathu, chilembo chimodzichimodzi, lilime ataluma. Fungo la thabwa lopserera ndimalimvabe m'mphuno. Dzinalo sindilitchula pano, chifukwa mwini wake tsopano ndi munthu wina, ndipo ali moyo. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti linali limodzi mwa mayina akwathu aja amene mwana wamkazi ndi wamwamuna yemwe amatchedwa. Bambo akanandipatsa dzina lachikazi lenileni, bwenzi ndilibe choti ndikuuzeni.

Chaka chimenecho ndinalowa Sitandade 8 pasukulu yathu ya kufupi ndi Mlare, m'boma la Karonga. Kalasi yathu ndi yokhayo inali ndi malata, ndipo dzuwa likakwera malatawo ankalira ngati akukazingidwa. Mphunzitsi wathu anali mnyamata wa ku chigawo chapakati, wosamva Chitumbuka, wovala tayi ngakhale thukuta likuyenderera mpaka m'nsapato. Lachisanu lililonse ankatilembetsa mayeso: masamu a m'mutu, Chingerezi, Chichewa, mbiri ndi malo. Lolemba m'mawa, tikatha kuguba, ahedi ankawerenga zotsatira pansi pa mtengo wa mango, ndipo aliyense akatchulidwa ankakaima pamzere malinga ndi mmene wakhozera. Ine ndinkaima kutsogolo, kapena wachiwiri ndikakhala kuti ndadwala malungo. Sindikudzitama, ndikungofuna mudziwe chimene chinatengedwa.

Kumapeto kwa mzerewo kunkaima azibambo. Tinkawatcha choncho chifukwa ena anali ndi ndevu, mawu okhuthala, miyendo yaubweya itatuluka m'makabudula a yunifolomu. Anali obwereza. Masiku amenewo kukhoza mayeso a Sitandade 8 sikunali kanthu, nkhani inali kusankhidwa kupita ku sekondale, ndipo anthu ankanong'ona kuti malo a ana akumpoto ndi owerengeka. Tsono munthu ankalemba, kulemba, kulembanso, mpaka desiki kumuthina. Mmodzi mwa azibambowo anali achimwene, mwana woyamba wa bambo aakulu, akulu awo a bambo anga. M'mawa uliwonse ankadzimeta ndi lumo lobuntha kuti aoneke mwana, n'kubwera m'kalasi chibwano chili mabala okhaokha.

Mvula itafika pachimake, nthawi yolembetsa mayina a olemba mayeso inakwana. Kunamveka kuti osankha kuboma akumataya pambali dzina lililonse limene analionapo kale, ndiponso aliyense wa zaka zambiri. Obwereza anazolowera kungopeka dzina latsopano, koma chaka chimenecho ahedi anati lopeka siligwira. Pankafunika dzina limene lakwera pasukulupo kuyambira Sitandade 1, la mwana wamng'ono, losadziwika kuboma.

Bambo aakulu anabwera kwathu masana ena panjinga yawo, baji ya chipani ili nyezinyezi pachifuwa. Anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu, ndipo akadutsa, ngakhale amuna akumowa ankatsitsa mawu. Mayi anali akuyanika chinangwa chovuula m'madzi, manja akununkha chovunda chija. Anapukuta manja pachitenje, anatulutsa mpando, n'kugwada chapatali. Ine ndinali pakhonde ndi kope langa la masamu.

Bambo aakulu sanazungulire. Anati mnyamata wawo wakula, chaka chino n'chomaliza, ndipo alemba mayeso ndi dzina langa ndi zaka zanga. Dzina la banja n'limodzi, ahedi avomera kale.

"Tangobwereka," anatero. "Uyu ngwamng'ono, adzalemba chaka chamawa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Mwambiwo anaudula pakati, koma theka lotsalalo, loti ukachenjera manja udya naye, ndi limene anabwerera. Mayi anayankha chapansipansi kuti mwanayu wavutikira chaka chino, ndipo kukanakhala bwino kuti bambo ake amve kaye.

"Mlamu, ng'ombe za malowolo zinapita kwanu zonse, palibe inatsala. Ana awa ndi a pakhomo pano." Anasisita baji ija ndi chala. "Za ku Zambia tisamazitchuletchule. Akuluakulu amandifunsa kuti mng'ono wanu amacheza ndi ndani kumeneko. Mpaka lero ndimamuyankhira bwino."

Ine sindinamve tanthauzo lake. Mayi anamva. Anthu othawa boma ankakhala ku Zambia ndi ku Tanzania, ndipo mawu amodzi a tcheyamani anali okwanira kuti bambo akadzatsika basi adzapeze galimoto ya apolisi ikuwadikira. Mayi anaomba m'manja mwaulemu nati, "Yewo, alamu." Anathokoza! Zaka zonsezi ndayesa kuwakhululukira mawu awiri amenewo, ndipo ndikudziwa kuti panalibe china choti anene, komabe mpaka lero sindinathe.

Ponyamuka, bambo aakulu anaona rula ili pakope langa. Anaitembenuza, anawerenga, n'kuiika m'thumba la malaya. Anati mnyamata azikhala nayo kuti azolowere kalembedwe kake.

Lolemba lotsatira ahedi analowa m'kalasi mwathu pamodzi ndi bambo aakulu. Anandiuza kuti nditenge makope anga ndibwerere ku Sitandade 7, ndipo kuyambira tsikulo ndiziyankha dzina la mtsikana wina amene anasiya sukulu m'kalasi imeneyo atakwatiwa. Ndinkamudziwa mtsikanayo. Ndinkakumana naye kuchitsime, mwana ali kumsana. Mphunzitsi wathu anaika choko patebulo nanena kuti zimenezi si zoona, mwana uyu ndiye chiyembekezo cha kalasi yonse. Bambo aakulu anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Aphunzitsi, baji yanu mwaisiya kuti lero?"

Mphunzitsi anagwira pachifuwa pake. Panali tayi yokha. Anatola choko chake n'kutembenukira kubolodi, ndipo ndinatuluka akulemba mutu wa phunziro la tizigawo.

Sabata yotsatira, pansi pa mango, ahedi anawerenga zotsatira. Anatchula woyamba, wachiwiri, mzere unatalika, kenaka chakumapeto kwenikweni anatchula dzina langa. Miyendo inanyamuka yokha ndisanaganize. Ndinaima pakati pa ana a Sitandade 7, achimwene nawonso anaima uko, ndipo sukulu yonse inafa ndi kuseka. Ahedi anandiitanira kutsogolo n'kundikwapula m'miyendo ndi kanthambi ka bwemba kuti ndiliiwale msanga dzinalo. Atatha anatiuza tonse titchule ngodya zinayi za chipani monga mwa masiku onse, ndipo ndinafuula nawo "kumvera" mizere yofiira ikutupa m'miyendo. Munthu wamkulu, wophunzira, wa ana ake, kumenya mwana chifukwa wayankha dzina limene anabatizidwa nalo. Anamwalira kalekale ahedi aja, ndipo kumaliro kwawo anthu anati anali tate wa ana onse. Ine sindinapiteko.

Ku Sitandade 7 tinkakhala pansi pozira ndi dothi, ndipo zonse zimene ankaphunzitsa ndinali nditazimaliza. Dzina latsopano lija ankaliitana kawiri katatu ndisanazindikire kuti akunena ine. Maso anga ankakhala pabowo la zenera, kuyang'ana kalasi yamalata. Lachisanu likafika, mphunzitsi wathu uja ankasiya mafunso a mayeso pabolodi osafufuta, chitseko chili chotsekula, iye n'kupita kunyumba kwake osacheuka. Ndinkalowa, kukopera, kukayankha kunyumba. Sanandichongerepo ngakhale kamodzi, ndipo tikakumana panjira ankayang'ana kumbali. Nthawi imeneyo ndinkamuona ngati munthu wabwino kwambiri. Lero sindidziwa. Anali mlendo, wamantha, ndipo anandipatsa zimene wamantha angapereke.

Chimene chinkandiwawa kuposa ndodo chinali Lolemba. Sabata ndi sabata dzina langa linkatchulidwa kumchira, pakati pa azibambo a ndevu, ndipo anzanga ankandigunda ndi chigongono kuti taona, walepheranso. Dzina limene bambo analilemba ndi moto! Sindinapirire. Madzulo ena ndinapita ndekha kwa bambo aakulu, ndinapeza achimwene atakhala kuseri kwa khola la ng'ombe akuyang'ana samu imodzi ngati yawatukwana, ndipo ndinawalanda pensulo.

Palibe anandituma. Izi ndi zimene zimandipsetsa mtima koposa ndikaganiza lero. Ndinawaphunzitsa ndi mtima wonse, tsiku ndi tsiku, ntchentche za kukhola zikutizungulira, ndi mafunso omwe aja ndinkakopera pabolodi. Ndinkadula nthochi kuwasonyeza tizigawo. Ndinkawakalipira ngati mwana, iwo n'kumangoti "nthena", ndiye kuti "n'choncho", mutu uli pansi. Tinkajambula mizere ndi rula yanga. Sanali munthu woipa achimwene, ndipo sanali mbuli. Anali munthu wotopa ndi kulephera, woopa bambo ake. Nyengo yonseyo sananditchule dzina lililonse, lakale kapena latsopano, ankangoti "iwe". Dzina linayamba kukwera pamzere, kuchoka kumchira, kufika pakati, kenaka pafupi ndi kutsogolo, ndipo ine ndinkayenda modzigomera ngati ndapambana ndine. Bambo aakulu akationa kuseri kwa kholako ankamwetulira n'kutuma munthu atipatse chambiko, mkaka wowawasa uja. Ndinkamwa.

Sabata ya mayeso makalasi ena onse anatsekedwa. Mpunga unali utacha, ndipo mayi anandituma kukaingitsa mbalame kudambo. Ndinaima pachulu ndi chingwe cha zitini m'manja, matope ataumira m'miyendo, ndipo mphepo inabweretsa kulira kwa chitsulo cha kusukulu. Ndinadziwa kuti atsegula mapepala. Ndinakoka chingwecho mpaka chinaduka, ndinatukwana mbalame ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ndimawadziwa, kenaka ndinakhala pansi n'kuyamba kupempherera achimwene kuti asaiwale kutembenuza kachigawo pogawa.

Zotsatira zinatuluka kukutentha. Mayina a osankhidwa ankawerengedwa pawailesi, ndipo masana amenewo mudzi wonse unadzaza pagolosale. Wowerenga anafika boma la Karonga, anatchula sukulu yathu, n'kutchula dzina limodzi lokha. Langa. Ndinalumpha, ndinakuwa, ndinavina fumbi kuti kobo, mpaka ndinaona kuti amayi onse olulutira akuthamangira kwina, kumene kunaima bambo aakulu. Anapha mbuzi, anaphika mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, miphika ikuluikulu. Ine ndinali m'gulu la otunga madzi.

Akuti mawu a akulu amakoma akagonera. A bambo aakulu agonera zaka zonsezi ndipo akuwawabe. Chaka chamawa chija chinafikadi, ndinalemba mayeso ndi dzina la mtsikana wa kuchitsime ndi zaka zake, zimene zinali zochuluka kuposa zanga. Ndinakhoza, koma sindinasankhidwe. Sindingalumbire kuti chifukwa chinali zakazo, palibe anabwera kudzandiuza. Bambo atabwera anakwiya masiku awiri, n'kukamwa mowa ndi akulu awo tsiku lachitatu. Achimwene anamaliza sekondale, anagwira ntchito m'maofesi a boma mpaka kupuma, ndipo ana awo amadziwa kuti dzina limenelo ndi la bambo awo chibadwire. Lidzalembedwa pamanda awo. Pachitupa changa pali dzina la mkazi wina.

Koma zonsezi zinali zisanachitike m'mawa umene achimwene ankanyamuka. Tinawaperekeza kumsewu kukadikira basi. Sutikesi yawo yachitsulo inali italembedwa dzina langa ndi penti yoyera, zilembo zikuluzikulu, ndipo ndinkangoiwerenga mobwerezabwereza. Basi itaonekera patali, achimwene anandikokera pambali, anapisa m'thumba n'kundipatsa rula.

"Iwe, tenga. Njako."

Sanandiyang'ane m'maso. Ine sindinadikire n'komwe kuti basi inyamuke. Ndinathamanga mpaka kunyumba, ndinapeza mayi akupeta mpunga, ndinawaonetsa rulayo m'mwamba.

"Amama, abweza!"

Mayi anaika lichero pansi. Anaitenga rulayo, anaitembenuza, anayendetsa chala pazilembo za bambo zija. Sankadziwa kuwerenga, koma zimenezo ankazidziwa. Kenaka anadzuka, anapita kudzala, anatola phale la botolo, n'kukhala pamwala. Anati ahedi kapena oyendera sukulu akandipeza nayo, achimwene achotsedwa ku sekondale, ndipo bambo aakulu sadzawayankhiranso bwino bambo anga. Anayamba kupala.

Ndinalira, ndinawagwira dzanja, ndinawauza kuti akuwononga rula yanga. Mlandu wonse ndinauika pa iwo, ndipo ndinatha masiku osawalankhula. Za dzina sindinkada nazo nkhawa kwenikweni. Kwathu munthu akabwereka khasu ankabweza akamaliza kulima, akabwereka mtondo ankabweza akamaliza kusinja, ndipo bambo aakulu ananena pamaso pa mayi kuti angobwereka. Tsono nditatopa kulira ndinapukuta mphuno, ndinayang'ana tizipalo tachikasu tikugwera pachitenje chawo, n'kufunsa ngati dzinalo achimwene adzabwere nalo patchuthi choyamba kapena chachiwiri.

Mayi anauzira fumbi la thabwa lija, n'kupitiriza kupala.