Buluu wa Ba Selestina

Ba Selestina a ku Nkomeshya anayamba kuchapa nsalu za pa guwa la tchalitchi chawo amuna awo akadali moyo. Kwaya saimba, kuwerenga sawerenga. Yawo ndi sopo, kabuluu koyeretsera nsalu ndi nsimbi ya makala. Ntchitoyo salola munthu kuikhudza.

Ng'ala itawagwira, nsalu zinayamba kuwaonekera zachikasu. Anawonjezera buluu. Chaka chinacho anawonjezeranso. Akhristu ankaona, koma wamkulu sauzidwa pamaso kuti walakwa. A komiti ankangonong'onezana kuti ntchitoyo ipite kwa Mirriam, mpongozi wa Ba Selestina. Eni ake anazimva. Makutu analibe ng'ala.

Mwana wawo anawatengera kuchipatala ku Lusaka. Kumeneko anawachotsa ng'ala ya diso lamanja, nawaikira kagalasi m'kati mwa disolo. Adokotala anachenjeza kuti poyamba zinthu zizioneka ngati zabuluu, nyalinso zizivala mphete. Zinaterodi. Ufa buluu, tambala woyera buluu. Ba Selestina sanadandaule, poti ulusi anayamba kulowetsa okha m'singano.

Lamlungu analowa m'tchalitchi. Makandulo onse anali ndi mphete zake, izo anaziyembekezera. Koma nsalu ya pa guwa inali yabuluu ngati yunifolomu ya ana a sukulu. Anatsinzina diso latsopano: yoyera ndithu. Analitsegula: yunifolomu.

Misa itatha anaitana mpongozi wawo.

"Amake Jabez, bwerani. Ni diso langa kapena ni nsalu?"

Mirriam anayang'ana pansi. "Diso likali kupola, amayi."

"Sininafunse za kupola. Nipaseni chitambala chanu."

Mirriam anavula chitambala chake choyera. Ba Selestina anachiyala pambali pa nsaluyo. Chitambala chinali ndi kabuluu pang'ono chabe, ka diso. Nsalu inali ndi wake wake, wochuluka.

"Zinayamba liti?"

"Kale ndithu, amayi."

"Tchalitchi chonse chili na maso, palibe olo mmodzi wa pakamwa? Nanga abambo mfumu?"

"Anati tisakuvuteni. Akuti ni mtundu wa Amayi Maria."

Ba Selestina anaseka mpaka anagwira benchi, kenaka anakumbukira kuti diso silifuna kugwedezedwa, nasiya.

A komiti anali ataima pakhomo, akuchita ngati akuwerenga chikwangwani. Ba Selestina anachotsa nsaluyo, naipinda, naiika m'khwapa.

"Mwamva nonse, musaname. Nchito sinipereka. Buluu azisunga amake Jabez, ndiwo azinithirira mpaka diso linalo akalikonze."

Wapampando, Ba Sanford, anatsokomola. "Ife sitinakambepo kanthu, mayi."

"Ndiye vuto lanu limenelo."

Mpaka lero Ba Selestina amachapa okha Lachisanu lililonse. Mirriam amabwera ndi buluu womanga pa nsonga ya chitenje, kuthira pang'ono, n'kubwerera naye kwawo. Ba Selestina amati wachepa. Mirriam amati wakwana, ndipo masiku ano amanena mokweza.