Amayi a Mabulosi Aja

Mwezi wachitatu wa maphunziro a usilikali anatitengera ku Phiri la Zomba kukathamanga, zikwama zili kumsana. Tikukwera, ndinaona amayi anga m'mbali mwa msewu, pamalo pawo pa masiku onse, akugulitsa mabulosi m'timbale. Anandizindikira ngakhale ndinali nditametedwa mpala.

"Yusufu! Iwe Yusufu!"

Pamzere sitiyang'ana kumbali, ndipo ndikanatha kubisala m'lamulo limenelo. Koma titaima pa damu la Mulunguzi, mnzanga Banda anandifunsa ngati amayi a mabulosi aja amandidziwa. Ine ndinali nditauza kale anzanga kuti amayi amagwira ntchito m'boma.

"Ayi," ndinatero. "Angondifanizira."

Ndinkayembekeza kuti mtima undipweteka, koma sunapweteke. Ndinamanganso zingwe za jombo, n'kumwa madzi, basi.

Nditapita kutchuthi kwathu ku Mtiya, amayi anaiyamba okha nkhaniyo, uku akuchotsa mabulosi owola m'dengu.

"Anzanga anandiseka, akuti si mwana wanga ameneyo. Ine ndinawauza kuti msilikali sacheuka."

Ndinangogwedeza mutu. Mpaka lero amayi amanyadira kuti ndinasunga lamulo, ndipo Banda akudziwabe kuti amayi aja anangondifanizira.