Amene Ndinkamuona Kumapeto kwa Benchi

Ine si munthu wolankhulalankhula, ndipo amene amandidziwa kuno kumapiri a Dowa angakuuzeni kuti sindikometsa nkhani pofuna kuti anthu andimvetsere. Zimene ndikulembazi zinandichitikira ndithu, masana dzuwa likuswa mtengo, komanso mowa sindiudziwa kukoma kwake. Mayina sinditchula, chifukwa ena mwa anthuwa timakumanabe kuchigayo.

Mkazi wanga anamwalira zaka zingapo zapitazo, nthawi yothyola fodya, n'kundisiyira ana awiri a sukulu. Anali mmodzi mwa amayi a mumpingo amene amavala bulauzi yoyera ndi duku loyera, ndipo malo ake m'tchalitchi anali kumapeto kwenikweni kwa benchi yachiwiri, kukhoma. Atamwalira, anzake sanafune kukhalapo. Palibe anawalamula, koma ankangopanikizana n'kusiya mpata wa munthu mmodzi, ndipo woyandikana ndi mpatawo anali mng'ono wake, mlamu wanga.

Patatha miyezi ingapo, Lamulungu lina tikuimba nyimbo yoyamba, ndinaponya maso kumbali ya amayi, ndipo pampata paja panali munthu. Woyera mbuu, duku lomanga monga ankamangira iye, nkhope yosaoneka bwino ngati munthu amene waima kuseri kwa utsi. Mlamu akawerama kuti apemphere, nayenso ankawerama, akaimirira, nayenso ankaimirira. Buku la nyimbo linandigwa m'manja. Nanga wakufa amabwerera kudzatani ngati si kudzatenga wina? Ndipo akanditenga ine, anawo atsala ndi yani?

Koma ndiulule chilungamo: Lamulungu lotsatira ndinalawirira kuposa woimba belu. Mantha analipo, koma kumusowa kunaposa mantha. Ndinkakhala poti ndizimuona bwino, n'kumamuuza chamumtima za kunyumba, kuti wamkulu wakhoza mayeso, kuti denga la khitchini likudonthabe pamene ankadandaula paja. Ulaliki wa miyezi imeneyo musandifunse.

Anthu anaona maso anga, koma anawamasulira mwina. Mkulu wa mpingo anabwera kunyumba, anazungulira nkhani ya mvula mpaka tiyi kuzizira, kenako anati maso a bambo wamasiye amayenera kukhala pagome, osati kubenchi ya amayi. Mlamu yekha, paja munthu ndi mlamu wake sasowa nthabwala, anandiuza poweruka kuti ngati ndikumufuna ndisamamudye ndi maso m'nyumba ya Mulungu, nditume ankhoswe, koma ndiyambe ndameta ndevu chifukwa iye sakwatiwa ndi tonde. Ndinaseka nawo. Ndikananena chiyani, kuti sindikuyang'ana iwe koma mkulu wako ali pambali pako?

Tsiku limene sindiliiwala linali Lachinayi masana. Ndinkatsika phiri kuchokera kumunda, ndipo mlamu ankakwera kuchokera kumaliro, atavala zoyera zija, kumbuyo kwake kuli mitengo yakuda ya kudambo. Ankabwera awiri. Aka kanali koyamba kumuona kunja kwa tchalitchi, akuyenda, akundilunjika, ndipo ndinadziwa kuti tsiku langa lakwana. Khasu linagwa, ndinagwada panjira pomwepo, n'kumuitana monga ndinkamuitanira kunyumba, make mwana, ndikumupempha kuti andisiye kaye mpaka ana amalize sukulu. Mlamu anacheuka kuyang'ana kumene ndinkayang'ana, osaona kanthu, anakuwa mayo n'kuliyatsa liwiro, nsapato imodzi kuisiya. Mkazi wanga anathawa naye limodzi, phazi ndi phazi. Ndipo mukudziwa chimene chinandipweteka? Si kuti ndinatsala pang'ono kufa ndi mantha ayi, koma kuti anathawa osacheuka.

M'mudzi ena anati ndipite kwa sing'anga, ena anati andipempherere. Koma mlamu atakhazikika mtima anati iye wakhala akundiona ndikuthira madzi pambali pa kapu, komanso buku la nyimbo ndimaligunditsa pamphuno. Zinali zoona, zilembo zinali zitayamba kukhala ndi zithunzithunzi, koma ine ndinkati ndi misozi. Anandikweza minibasi pa Mponela mpaka kuchipatala china kumene kunabwera akatswiri oyeza maso.

Anandiika chibwano pa makina, n'kundiuza kuti ndiyang'ane kadontho kofiira osaphethira. Mayi amene ankayezayo anafotokoza kuti palibe diso loongoka kotheratu: kuwala kukamalowa m'diso kumapindika pang'ono, aliyense mwakemwake, ndipo iwo ankayeza anthu ambirimbiri n'kuphatikiza manambalawo kuti adziwe pamene diso wamba limalekezera. Anandionetsa pa kompyuta timadontho tounjikana ngati chimanga pamkeka, kadontho kalikonse diso la munthu. Diso langa lamanja linali m'kati mwa muluwo. Lamanzere linali patali, lokhalokha.

Anandifunsa ngati ndimaona zinthu ziwiriziwiri, ine ndinakana. Anangomwetulira, nati makinawo amatha kutenga manambala a diso langa n'kuonetsa mmene ineyo ndimaonera. Anaika chithunzi cha munthu wovala zoyera, anadina batani, ndipo pambali pa munthuyo panatuluka wina, wotuwa, wopanda nkhope yeniyeni. Anali iye. Mkazi wanga amene ndinamuika m'manda ndi manja anga anatuluka m'manambala pamaso pa mlendo. Akuti ndinakuwa mpaka odwala a pakhonde anasuzumira.

Nditaulula zonse, mayiyo sanaseke. Anati ndi ng'ala imene inkayamba, ndipo imagawa kuwala pawiri. Amayi ena onse a pabenchipo analinso ndi zithunzi zawo, kungoti zinkagwera pa anzawo, koma cha mlamu chinkagwera pampata wopanda munthu, pakhoma lakuda. Anandifunsa ngati ndinayesapo kutsinzina diso lamanzere. Sindinayesepo. Ndani angatsinzine atabwezeredwa mkazi wake? Anamaliza ndi kunena kuti ng'alayo iyenera kuchotsedwa, apo ayi disolo lichita mdima.

Ndinazengereza miyezi itatu. Lamulungu lililonse ndinkatsinzina kumanzere, iye n'kusowa, ndikatsegula n'kubwera, ndipo kudziwa kuti ndi matenda sikunachepetse chimwemwe changa ngakhale pang'ono. Koma ankanka nazilala, chifukwa mtambo wa m'diso unkakula. Mlamu anandikhazika pansi, nthabwala palibe tsiku limenelo, nati alamu, kaya muchotsa kaya simuchotsa munthuyo akupita ndithu, kusiyana kwake n'koti mukakana apita ndi diso lanu, ndipo mkulu wanga sanali munthu wolanda. Ndinavomera. Lamulungu lomaliza ndinakhala mpaka nyimbo yotsekera ndikumuyang'ana, ndipo ndinamutsanzika bwinobwino, zimene imfa yake yadzidzidzi sinandipatse mpata wochita.

Atandichotsa ng'ala ija n'kundimasula bandeji, ndinaona masamba a mtengo limodzilimodzi, ndinaona imvi za mlamu zimene sindinkadziwa kuti ali nazo. Pampata paja panali thabwa ndi fumbi.

Lero sindikhulupirira kuti akufa amayendayenda. Mkazi wanga ali m'manja mwa Mulungu, ndipo chimene ndinkaona chinali kuwala kosochera m'diso lodwala. Mtima wanga ndi umene unaveka kuwalako duku. Tsono inu anzanga, mukayamba kuona zimene ena sakuona, musabise ngati ine, ndipo musathamangire kuloza anthu zala. Tsekani diso limodzi, kenako linalo, mupite akakuyezeni diso lisanazime. Koma chenjeraninso ndi mtima wanu, chifukwa sumva za manambala. Akuchipatala anandiuza kuti diso lamanjali nalonso tsiku lina likhoza kuchita ng'ala, ndipo ndikuchita manyazi kunena kuti m'mawa uliwonse ndimatseka lochiritsidwalo, n'kuyang'ana ndi linalo kuti mwina layamba.