Mankhusu a Nkhuku Zimene Tinalibe

Phokoso la zitini zomangidwa pachingwe, zokhala ndi timiyala m'kati, ndikalimva ngakhale lero mapewa amandilemera. Ena likawalowa m'khutu amakumbuka masewera. Ine limandibwezera pansanja ya mitengo yokhota, m'munda wathu wa mapira ku Shikabeta, m'chaka cha chilala chija chimene anthu amachitchabe chaka cha chimanga chachikasu. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo ntchito yanga inali kukuwa.

Atate anamwalira mvula isanagwe. Tinkakhala kumudzi kwawo, pomwe amayi kwawo kunali ku Rufunsa, kufupi ndi msewu waukulu. Maliro atatha, amayi anavekedwa diresi lakuda ndi duku lakuda. Mwambo wakumeneko unali wakuti mkazi wamasiye savula zakudazo, ndipo sabwerera kwawo, mpaka atafulula mowa, abale a mwamuna n'kumwa, n'kumuuza pagulu kuti wamasuka. Tsikulo lisanafike, amayi sankapereka moni wa m'manja, sankapita kuchisangalalo chilichonse, ndipo kutchalitchi ankakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, iwo amene kale ankayambitsa nyimbo. Mchere m'ndiwo ndinkathira ine. Tinadya zowawa mchere miyezi yambiri, koma palibe anadandaula.

Amene ankayang'anira mwambowu anali azakhali, a Rozaliya, mlongo wawo wa atate. Sanali munthu wankhanza. Anali mayi wowonda, wolankhula pang'ono, amene nayenso anaika mwamuna wake ndipo anazivalapo zakudazo. Tsiku lina ndinawamva akuuza amayi pakhonde kuti, "Mulamu, ise sitinakumangeni. Mukaphika chabe mowa, mwamasuka. Koma mapila yake yachoke m'munda mwa malemu, osati yopempha kwa anthu." Amayi anangoomba m'manja mwaulemu.

Chimanga chinauma chili chiimire, chisanabereke n'komwe. Chimene chinapulumuka chinali kamunda ka mapira kamene atate anaswa mphanje m'mbali mwa mtsinje asanadwale. Mapira ndi ouma mutu, amapirira dzuwa. Atayamba kutulutsa ngala, amayi anandiuza kuti sukulu iyambe yaima. Iwo sakanalinda munda, chifukwa m'mawa uliwonse ankabereka mlongo wanga wamng'ono Petulo kumsana n'kupita kukafuna ganyu, kapena kulowa m'tchire kukakumba busala, timizu toterera timene tinkadya pamene ufa wasowa. Ndinamvetsa bwino lomwe: mapira akadyedwa, palibe chimera, chimera chikasowa, palibe mowa, ndipo amayi akhala m'zakuda chaka china chathunthu.

Mbalame sizidziwa Lamlungu. Ndinkafika kumunda mame asanaume, mapazi atachita dzanzi, n'kukwera pansanja. Kuchokera pansanjapo zingwe za luzi zinkapita m'ngodya zonse za munda, ndipo ndikakoka, zitini zinkalira. Mpheta zinkauluka, n'kutera pamtengo wa msekese, n'kumandiyang'ana. Ndikangokhala pansi, zinkabwerera. Njiwa zinali zaulemu, zinkabwera ziwiriziwiri, koma mpheta zinalibe manyazi. Ndinkakuwa, ndinkaponya zibuma, ndinkazitukwana ndi mawu amene amayi sankadziwa kuti ndimawadziwa. Pofika masana luzi linali litandidula m'zala, pakhosi pakuwawa, m'maso mukuchita mdima. Usiku ndikagona, dzanja linkakokabe chingwe chimene panalibe.

Ndinali wotopa. Sindidziwa mawu ena onenera. Sikunali kutopa kumene munthu amagona n'kudzuka kutatha. Ndinkadzuka nako, kupita nako kumunda, kubwera nako, ndipo masiku ena ndinkalira pansanjapo popanda chimene chandichitikira.

Mnzanga Felista ndiye ankandipumitsa. Kwawo kunali kuseri kwa nyumba yathu, ndipo iye anali ndi azichimwene olinda munda wawo, choncho sukulu sanasiye. Akaweruka ankabwera molunjika, yunifolomu ili m'thupi, atanyamula malambe kapena masau ochepa pansonga ya nsalu. Anali wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi lake. "Iwe Agi, seluka apo, uoneka monga mzukwa," ankatero. "Gona, nizazikuwila ine." Ndinkagona pansi pa nsanja, m'fumbi, ndikumumva akuuza mpheta zonse zimene aphunzitsi anena tsikulo, mokuwa, kuti inenso ndimveko. Masamu a chaka chimenecho ndinaphunzira ndili m'tulo, n'chifukwa chake mpaka pano sandiyendera bwino.

Mwezi womwewo kunali ukwati wa mwana wa atate aang'ono. Chaka cha njala, komabe anthu anakwatirana. Kunaphedwa mbuzi imodzi yowonda ndipo ng'oma inalira. Amayi anakhala m'nyumba atatseka chitseko. Ine ndinali pansanja, mphepo ikundibweretsera nthungululu zoduka mutu. Dzuwa litapendeka Felista anatulukira, milomo ikunyezimira mafuta, atabisa kanthu m'tsamba la nthochi. Inali nthuli ya mbuzi ndi mpunga wokwana m'dzanja. Ananena kuti amake atumiza, theka langa, theka la amayi. Langa ndinameza osatafuna. La amayi ndinalinunkhiza njira yonse, koma linafika.

Mapira atayamba kufiira, kunabwera mbalame zimene sindinazionepo. Zinachokera kuchigwa m'mawa wina, zambiri ngati utsi wa lupsa, ndipo zinatera m'munda monse nthawi imodzi. Ndinakoka zingwe mpaka china chinaduka. Ndinatsika, n'kumathamanga m'mizere ndikukupiza chitenje, koma ndikaingitsa za kumtunda, za kumunsi zinali zikudya. Mawu anali atandithera kalekale; ndikatsegula pakamwa pankangotuluka mpweya. Zinabwera tsiku limenelo, n'kubweranso mawa lake ndi mkuja. Felista ndi achimwene ake mmodzi anadzathandiza, koma nawonso anali ndi munda wawo.

Tinadula ngala zotsalazo mwamsanga, zina zisanakhwime. Titapuntha, mapira sanadzaze ngakhale dengu limene amayi ankasenzera ndiwo. Analiyang'ana, n'kuyang'ana manja anga, n'kunena kuti ndagwira ntchito. Kenaka anakhala pansi, anatambasula miyendo, ndipo sanadzuke mpaka Petulo atalira. Diresi lakuda lija linali litasuluka m'mapewa, litasanduka lotuwa, ndi zigamba za ulusi woyera chifukwa wakuda tinalibe.

Kuseri kwa khitchini yathu kunali thanthwe lalikulu, losalala, limene anthu ankayanikapo ufa ndi ndiwo. Kuyambira pamene atate anamwalira, anthu anali atasiya kubwerapo. Koma titangokolola, amake Felista anatulukira ndi mtolo wa ngala pamutu. Anali mnzawo wa amayi wa pamtima. Ankatunga limodzi, ankafukula limodzi mchenga wa mumtsinje pofuna madzi, ndipo ndi iwo okha amene ankawaseketsabe. "Amake Agi, odi! Nabwela kupunthila pa mwala wanu. Kwathu fumbi yachuluka maningi." Anapuntha, anapeta, akucheza nkhani za miyendo yotupa ndi za amuna aulesi. Pochoka analoza mulu wa mankhusu ndi phazi. "Aya musataye. Mupatse nkhuku."

Ife tinalibe nkhuku. Zonse zinathera pamaliro, ndipo mudzi wonse unkadziwa, pakuti ndi iwo omwe anazidya. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwakumbutse, koma amayi anandiyang'ana diso limodzi, ndipo ndinatseka.

Mawa lake kunabwera mayi wina, mkuja wina, kenaka awiri pamodzi. Onse anali ndi chifukwa: uyu mbuzi zikumuvutitsa, uyu pabwalo pake pali nyerere. Onse ankasiya mankhusu a nkhuku. Wowanyamula anali ine. Amene sanagwirepo mankhusu a mapira sadziwa kuyabwa. Ankalowa m'khosi, m'khwapa, m'mutu, ndipo madzi osamba analipo ochepa. Ndinkawakokolola pathanthwe ndi manja aja odulidwa ndi luzi, n'kuwatutira m'khitchini, ndili ndi mkwiyo wosaneneka. Ndathana ndi mbalame, tsopano ndikhale wosesera akazi a eni? Ndinauza amayi kuti anthu amenewa ndi auve, ndiponso sadziwa kupeta. Iwo anati, "Nyamula chabe. Pakamwa usunge."

Masana, anthu akapita kumadimba, amayi ankatenga lichero n'kuwapetanso mankhusuwo kuseri kwa khitchini. Pansi pa lichero pankatsala mapira, tsiku lina odzaza mbale, tsiku lina opitirira. Ankawathira m'dengu lathu lija. Ine ndinkangoona kuti zikutsimikiza zimene ndinanena: akazi akuluakulu, kupeta osadziwa.

Tsiku lina azakhali anatipeza tikuchita zimenezo. Anaima pafupi ndi mulu, anawerama, n'kulowetsa dzanja m'mankhusu mpaka m'chigongono. Potulutsa, mapira anayoyoka pakati pa zala zawo. Amayi anasiya kupeta. Ndinadziwa kuti azakhali akangonena kuti awa ndi opempha, zonse zathera pompo. Anayang'ana dengu, limene tsopano linali ndi linzake pambali, n'kuyang'ana m'mapewa mwa diresi la amayi nthawi yaitali. Kenaka anapukuta dzanja pachitenje. "Mankhusu ya chaka chino niyolema, mulamu," anatero, n'kumapita. Sabata isanathe nawonso anabwera ndi ngala zawo, akuti kwawo mphepo siikuwomba bwino. Mulu umene anasiya sindinathe kuunyamula ulendo umodzi.

Tinaviika mapira, tinawafunditsa masaka onyowa, ndipo atamera nyumba yonse inanunkha chimera, fungo lotsekemera, lachinyontho, limene linkakola ngakhale m'zofunda. Tinayanika pathanthwe, tinasinja. Madzi a mowa anatunga akazi omwe aja, mitsuko ili pamzere kuchokera kumtsinje, chifukwa mgolo wa mowa umamwa madzi kuposa ng'ombe. Kunali kutayamba kuzizira. Amalume anabwera panjinga kuchokera ku Rufunsa, atanyamula chitenje chatsopano cha maluwa achikasu.

Pa tsikulo akazi anatengera amayi kumtsinje m'mamawa. Anabwerako atametedwa, atavala chitenje chija, akuoneka aang'ono ndi achilendo. Azakhali anawapaka ufa pamphumi, anawamanga mkanda woyera padzanja, n'kunena pamaso pa onse kuti mulamu wawo wamasuka, alibe mlandu ndi munthu. Nthungululu zinalira. Amayi anazungulira bwalo lonse akugwira munthu aliyense chanza, mpaka ana. Atafika pa amake Felista sanasiyane manja msanga. Ine ndinkayembekeza kuti avina, ayambitsa nyimbo monga kale. Koma mowa utayamba kuyenda, ndinawapeza kuseri kwa nyumba, atatsamira khoma padzuwa, ali m'tulo tofa nato, pakamwa pali yasa. Palibe anawadzutsa.

Patangopita masiku ochepa tinamanga katundu. Ndinkadziwa kuti mowa udzavula amayi zakuda, koma sindinaganizepo kuti udzatichotsanso pamudzi. Amalume anakweza mphasa ndi miphika panjinga. Amake Felista anasenza mtolo wa amayi, natiperekeza mpaka pamwamba pa chitunda pamene njira imayamba kulowera kumsewu. Ine ndi Felista tinkayenda kumbuyo; iye anangondifunsa ngati ku Rufunsa kuli mbalame, ine n'kuti sindidziwa. Pachitundapo amake anatula mtolo, nausenzetsa amayi. "Endani bwino, amake Agi. Manje nizayamba kuseka na ndani?" Anaseka ponena zimenezo, kenaka anatembenuka msanga, nagwira mwana wawo padzanja. Amake Felista sindinawaonenso, anamwalira ndisanakule mokwanira kuyenda ndekha ulendo umenewo.

Kwa zaka zambiri ndinkauza anzanga a ku Rufunsa, monga nkhani yoseketsa, kuti kumudzi kwa atate akazi sadziwa kupeta. Ndinadzasiya nditakwatiwa, chaka china chimene mvula inatinamizanso, pamene ndinadzipeza nditagwada pabwalo ndikutola njere imodziimodzi m'fumbi, ana akundiyang'ana. M'chaka chotero palibe mkazi amene amasiya mapira m'mankhusu mosadziwa. Aliyense wa iwo anachotsa pakamwa pa ana ake, n'kupeza njira yoti amayi asapemphe ndiponso asathokoze. Ndipo amake Felista, amene anayambitsa zonsezo, ankadziwa bwino lomwe chimene ine sindinkadziwa: kuti dengu likadzaza, mnzawo achoka. Anabwerabe ndi ngala zawo pamutu.