Mayi Amene Sankatembenuka

Fungo la petulo wa jenereta likasakanikirana ndi la mafuta okazingira zitumbuwa, mtima wanga umabwerera pa Kapondo, chaka chimene ndinali Sitandade 4. Inali nyengo ya mwera, mtedza titakumba kale, milomo ili yong'aluka ndi kuzizira. A Yusufu, eni golosale, anali atatsegula vidiyo m'kachipinda ka kuseri. Munali mabenchi a matabwa osapala, mazenera otseka ndi masaka, ndipo sipika ya padenga inkafikitsa kulira kwa mfuti mpaka kudambo kumene tinkadyetsa mbuzi.

Ine ndinkadziyesa katswiri wa mafilimu a nkhondo. Ndikatuluka, maso akuthobwa ndi dzuwa, anzanga ankandiunjirira kufunsa ngati ya tsikulo inali yabwino. Muyeso wanga unali umodzi basi, kuchuluka kwa zophulika. Ya akasinja ndinkati osaphonya, ya asilikali otsika m'ndege ndi maambulera ndinkati ngakhale ukwapulidwe kunyumba, pita ukaone. Komabe mafunso ankandisowetsa mtendere. Asilikali amenewa amadya nthawi yanji? Nanga eni nyumba zophulitsidwazo amapita kuti? Ndikafunsa, akuluakulu ankangonditsonya kuti ndikhale chete.

Pakhomo pa vidiyo pankakhala a make Lusiya ndi beseni lawo la zitumbuwa. Anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ndipo anzawo atabwerera, iwo anatsala chifukwa anali atakwatiwa m'mudzi mwathu. Aliyense ankadziwa kuti pothawa anasiyana ndi mng'ono wawo pamtsinje wodzaza, ndipo zaka zonsezo sankadziwa ngati anawoloka. M'vidiyo sankalowamo. Amayi onse ankati amenewo ndi malo a anyamata osamva.

Tsiku lina a Yusufu anabweretsa makaseti kuchokera ku Chipata, ndipo imodzi inali yachilendo. Munalibe ngwazi, munalibe akasinja. Mzungu wosaoneka ankangolankhula Chingerezi, kwinaku anthu enieni akuyenda m'kanjira ka fumbi. Anyamata anaimba malikhweru, ena anatuluka. Ine ndinapirira mpaka kumapeto kuti ndikapereke chigamulo changa, ndipo ndinachiperekadi pakhomo pomwepo mokweza mawu: ya lero ndi yogonetsa tulo.

"Muli chiyani?" anandifunsa a make Lusiya.

"Anthu a kwanu akuthawa nkhondo. Akungoyenda ndi mitolo pamutu, mfuti sizikuoneka n'komwe."

"Nkhope zikuoneka?"

"Zina zikuoneka."

Anavundikira beseni ndi kansalu, n'kulisiyira Lusiya. Kenako anamanga bwino chitenje chawo n'kulowa, abambo amene anali pabenchi yakutsogolo n'kusendera okha osauzidwa. Ine ndinawatsatira, chifukwa ndinkafuna kudziwa chimene munthu wamkulu angaone m'filimu yopanda kanthu ngati imeneyo. A Yusufu anabweza kaseti, ndipo chipinda chinadzaza fungo la zitumbuwa lochokera m'zovala zawo.

Chapakati penipeni anakweza dzanja. Pagalasi panali mayi akuyenda kutipatsa msana, lichero pamutu, akutsimphina mwendo wamanzere. Ankaoneka kanthawi kochepa, kokwanira kumeza malovu kawiri, kenako kamera inkapita kwina. "Mayendedwe amenewo," anatero motsitsa mawu. A Yusufu anabweza, n'kubwezanso, mpaka chithunzi chinayamba kuchita mizeremizere.

Kuyambira tsiku limenelo, masana alionse filimu ya nkhondo isanayambe, a Yusufu ankaikako kachigawo kameneko. Anyamata ankadandaula, koma iwo ankangoti amene watopa akadikire panja. Ine ndinkatsala. Ndinkayang'ana a make Lusiya kuposa galasilo, mmene ankaweramira kutsogolo, milomo ikugwedera ngati akuitana munthu wa kutsidya. Zinkandizunguza mutu. Ndinali nditaonera mafilimu okwanira kudziwa kuti wakufa m'kaseti amafa malo omwewo tsiku lililonse, ndipo wopatsa msana sasintha maganizo.

Mwera uli pafupi kutha, ndinalephera kudzigwira. Ndinakhala pambali pa beseni lawo n'kuwauza mwaulemu wonse umene ndinali nawo kuti mayi ujatu satembenuka, ngakhale abweze mpaka kaseti iduke.

Anaseka pang'ono, n'kundinyemera chitumbuwa. "Ndikudziwa, mwanangu. Iwe umaona kumutu. Mawa ukaone kumiyendo." Anapukuta zala pachitenje. "Nsalu yake ndi yonyowa mpaka m'mawondo. Anawoloka."

M'mawa mwake ndinayang'ana, ndipo inalidi yonyowa, yakuda m'munsi, itamatirira ku akatumba. Ndinasangalala ngati kuti ndamupeza ndine, ndipo ndinathamanga kukauza anzanga kuti filimu ija ndi yabwino ndithu. Anandiseka.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti nkhani yatha, mng'ono wawo wapezeka. Lero ndikudziwa kuti amayi otsimphina anali ambiri panjira imene ija, ndipo ndikuganiza kuti a make Lusiya ankadziwanso. Mvula itayamba kaseti ija inadukadi, iwo n'kubwerera pabeseni lawo, ndipo sindinamvepo kuti kunabwera uthenga uliwonse. Ana anga akandifunsa filimu ya nkhondo yoti aonere, ndimawasankhira za anthu enieni, zopanda ngwazi, iwo n'kumati n'zogonetsa tulo. Funso langa lija, la kumene eni nyumba zophulitsidwa amapita, sindinalifunsenso. Mmodzi wa eni nyumbawo ankandinyemera chitumbuwa pakhomo pa a Yusufu.