Chitsime Chomwe Achule Anachithawa

Ndinali ndi zaka khumi pomwe ndinapatsidwa ntchito yanga yoyamba, ndipo sinali yaulemu: kuvuula achule m'chitsime chathu cha kudimba, ku Mlolo. M'mawa uliwonse Amayi ankandituma ndi chitini chomangirira ku nsungwi. Achulewo ndinkakawataya kutali, mawa lake n'kuwapeza abwerera, atandituzulira maso ngati mlendo ndine. Lero ndimagulitsa zovala za salaula pamsika wa Chadiza, ndipo anzanga amati palibe angandipusitse. Sadziwa kuti chule anandiposa nzeru.

Chaka chimenecho kumtunda kwa dambo kunabwera anthu okumba golide. Anakumba dziwe lalikulu lotayiramo matope otsukira miyala, matope otuwa, onunkha ngati batire lakale. Pansi pake sanaikepo simenti. Ife sitinalabadire, poti dziwelo silinkasefukira kwathu. Zoti madzi amayendanso pansi pa nthaka sitinaziganize.

Dzinja litatha achule anayamba kuchepa, kenako anatheratu. Ndere nazo zinazimirira. Madzi anayera mbee, mpaka mchenga wapansi kuoneka. Ine ndinazungulira mudzi nditatukumula chifuwa, n'kumauza aliyense kuti achule ndawagonjetsa. Azimayi a m'makomo ena anasiya zitsime zawo za achule n'kumadzatunga kwathu, amvekere, "Awa ndiye madzi, ngati a pampopi wa kuboma!" Mlongo wanga wamng'ono, Tiyanjane, ankaswera kudimba kuingitsa mbuzi, choncho ndiye ankamwa kwambiri. Tsiku lina anati, "Achimwene, madziwa akumveka ngati ndanyambita msomali." Tinamuseka tonse.

Lepu wathu wa m'dimba anayamba kufiira masamba. Tiyanjane anayamba kudandaula m'mimba, kenako manja ake anayamba kunjenjemera moti kapu inkamutayikira. Ana enanso atadwala, makolo anakadandaula kuboma, ndipo patapita miyezi kunabwera gulu la anthu oyeza madzi pa galimoto yoyera.

Kwathu mlendo sayankhula asanamwe madzi. Amayi anatsuka kapu ya alendo, natunga m'chitsime chathu chotchukacho, nagwada pamaso pa bwana wamkulu wa gululo, bambo wonenepa yemwe malaya ake anali atanyowa ndi thukuta.

"Zikomo amayi, ndamwa kale," anatero.

Ine ndinamuyang'ana pakamwa. Milomo inali gwa, yosweka ndi dzuwa la mu Okutobala. Posakhalitsa ndinamuona atabisala kuseri kwa chitseko cha galimoto, akugugudiza madzi a m'botolo. Potunga madzi athu oti akayeze, anayamba wavala magolovesi.

"Nanga abwana, tizimwa kapena tisiye?" Amayi anafunsa, kapu ikadali m'manja.

"Musade nkhawa, amayi. Tikayeza, tidzakuuzani."

Anajambula mtanda wofiira pamwala wa pachitsime n'kumapita, ndipo ife tinayamba tasiya kutungapo. Mgodi unatsekedwadi, koma unatsegulidwanso utoto uja usanasuluke n'komwe. Tinamva kuti eni ake analipitsidwa. Dziwe lija linakhala pomwepo. Mjigo womwe anatilonjeza sunabwere, yankho la madzi aja silinabwerenso. Zitsime zina zitauma ndi chilimwe, tinabwerera pachitsime cha mtanda, chifukwa ludzu silikanadikira galimoto yoyera.

Tiyanjane anamwalira mvula isanagwe. Kuchipatala anayamba ndi kunena kuti ndi malungo, kenako anatchula impso, kenako anangoti timutengere kunyumba. Palibe anatchula chitsime. Pamaliro ena ankanong'onezana za ufiti, poti mfiti munthu ungailoze chala, koma madzi oyera ungawanene bwanji?

Pamsika anthu amandifunsa komwe ndinaphunzira malonda. Ndimaseka, ndimati ndi mphatso. Zoona zake n'zakuti anandiphunzitsa ndi bwana uja. Munthu akamandigulitsa chinthu sindimvera pakamwa pake, ndimaona ngati iye mwini angachikhudze ndi manja. Bambo uja ankadziwa asanayeze. Chule ankadziwa iye asanabwere. Ife tokha, eni chitsime, ndife tinkaombera m'manja.

Koma nzeru imeneyi imangondithandiza kusankha mabelo a zovala. Sinakumbe mjigo. Okumba golide aja anachoka kale, matope awo anatisiyira, ndipo mvula iliyonse imawalowetsabe pansi. Ndikapita kumudzi ndimanyamula zigubu za madzi panjinga, koma sizitha sabata, ndipo Amayi miyendo inawathera, sangafike kutali.

Ndikafika ndimayamba ndasuzumira m'chitsime, ine munthu wandevu, kufunafuna chule ngakhale mmodzi. Mulibe. Kenako Amayi amatulutsa kapu ya alendo ija, yodzaza madzi oyera mbee, n'kunena kuti, "Imwa mwanangu, wayenda padzuwa." Mawu a bwana uja amandifika pakamwa, ndamwa kale. Ndimayang'ana manja awo akunjenjemera. Iwo amamwa madziwa tsiku lililonse. Ndimalandira ndi manja awiri, n'kumwa.